Gemu ikulira, sikirini ili bii: musathamangire kwa ogula zitsulo

Anyamata aja oyenda ndi wilibala m'makwalala, n'kumafuula kuti akugula zitsulo zakutha, akudyera masuku pamutu eni makina a gemu. Sindikuti ndi akuba ayi, nawonso ali pa geni ngati tonsefe. Koma chibokosi chimene chakhala chikugulira banja ndiwo kwa zaka ndi zaka, iwo amachiona ngati makilogalamu angapo a kopa ndi chitsulo basi, ndipo mtengo umene amatchula ndi wa makilogalamuwo. Mwini wake amangovomera chifukwa wina anamuuza kale kuti "chubu chafa".

Mawu awiri amenewa alowetsa pansi mageni a anthu. Zoona zake n'zakuti chubu, chigalasi cholemera chija chimene chimaonetsa zithunzi, n'chouma mutu kuposa china chilichonse m'bokosimo. Sikirini ikada, nthawi zambiri chimene chafa ndi kanthu kochepa ngati chala chanu chachikulu, kamene mmisiri wodziwa ntchito yake akhoza kukapeza masana amodzi. Vuto n'lakuti amisiri odziwa ma TV achikale akutha m'misika yathuyi, ndipo achinyamata ozolowera mafoni sachedwa kugamula mlandu asanaumve.

Makina amene ndikunenawa ndi aja oima njo ngati wadirobu, okhala ndi timitengo tiwiri togwedeza ndi mabatani, amene mumawapeza pakhonde la hokala, la ometa kapena pafupi ndi vidiyo sho. Ambiri ndi akulu kwa ine pobadwa. Gemu ya Pac-Man inatuluka mu 1980 kuchokera ku kampani ya Namco ya ku Japan. Street Fighter II, imene yatha matokeni a ana ambiri, ndi ya Capcom ya ku Japan komweko, ya mu 1991. Mortal Kombat ndi ya Midway ya ku Chicago, ya mu 1992. Werengani nokha zaka zimene zapitapo. Chinthu cha msinkhu umenewo chikamadwaladwala si ufiti.

Ku Ndirande, kuseri kwa msika, kuli mayi wina wa hokala amene ali ndi makina otere pakhonde, a Street Fighter II. Amuna awo anawagula kalekale kwa dalaivala wa mathiraki oyenda msewu wa ku Joni. Mayiwo amagulitsa shuga wa m'timapepala, sopo, machesi ndi tina n'tina, koma amavomera okha kuti phindu la shuga n'lochititsa manyazi. Chimene chimalipira lendi ya hokalayo ndi matokeni, tizitsulo tonga ndalama timene ana amagula pawindo n'kukaponya m'makinamo. Komanso mwana wobwera kudzamenya gemu sabwerera wosagula chitumbuwa kapena switi.

Usiku wina magetsi anathima, ndipo pamene ankabwerera m'bandakucha n'kuti makina ali chilumikizire kukhoma. Kutacha, nyali ya pamwamba ikuyaka, nyimbo ya gemu ikulira bwinobwino, koma sikirini ili bii. Mnyamata wina wokonza mafoni anasuzumira kumbuyo n'kunena kuti chubu chafa. Pofika sabata yachiwiri a wilibala anali atabwera kale kawiri, ana atasamukira kwina, mwini nyumba naye akuyamba kupereka moni wamfupi.

Amene anaitanidwa pomaliza ndi mkulu wina wa imvi, wokonza mawailesi ndi ma TV ku Limbe. Ntchitoyi anaiyamba masiku amene TV kuno inali yoonerapo mavidiyo okha, Television Malawi isanatsegulidwe mu 1999. Ndinapempha kuti ndikhale nawo. Anavomera, ati bola manja anga azikhala m'thumba.

Choyamba chimene anapempha sichinali sikuludiraiva. Anapempha tokeni. Anaiponya m'makinamo, anadina batani loyambira n'kuyamba kugwedeza kamtengo uku akumenya mabatani. M'sipika munamveka nkhonya ndi kukuwa kwa omenyana. Ana amene anatizinga anafa nako kuseka poona madala akumenya gemu mumdima. Iwo osatekeseka, anatembenukira kwa mwini makina.

"Mayi, mutu wa makina anuwa uli bwino. Chadwala ndi maso."

M'bokosi lotere muli zinthu zitatu, ndipo mwini makina aliyense ayenera kuzidziwa kuti asamanamizidwe. Pansi pali za magetsi: chithiransifoma cholemera ndi kabokosi kamene kamatulutsa moto wochepa wa 5 volts ndi 12 volts. (Ma volts, abale, osati mavoti.) Pakhoma la mkati pali bolodi ya gemu, imene ndi mutu wa zonse. Pamwamba pali monitala, kutanthauza chubu chija pamodzi ndi bolodi yakeyake imene amisiri amaitcha chesisi. Gemu ikamalandira tokeni n'kumalira monga mwa masiku onse, ndiye kuti ziwiri zoyambazo zikugwira ntchito. Kwatsala monitala kapena mawaya opita kumeneko.

Kukanakhala kuti nayo sipika ili zii, nkhani ikanakhala ina, ndipo nthawi zambiri yotchipa. Pulagi, fyuzi ya pansi, kapena kaswichi kamene makina ena ali nako pachitseko cha kumbuyo, kodula moto chitseko chikapanda kutsekeka bwino. Alipo anthu amene analipira mmisiri chifukwa cha chitseko chokha. Chinanso ndi 5 volts ija. Ikatsika pang'ono chabe bolodi siidzuka, ndipo bolodi ikagona sikirini nayo imada ngakhale monitala ili ndi moyo. Bolodi ya makina ambiri a zaka zimenezo imalowa m'pulagi yaitali ya mano 56, mbali iliyonse 28, imene amaitcha JAMMA potengera dzina la bungwe la opanga makinawa ku Japan limene linaikhazikitsa mu 1985. Manowo akada ndi fumbi, kalabala kofufutira pensulo kamawayeretsa.

Asanatsegule kumbuyo, madala aja anachita zinthu zina zimene inu mwini makina mungachite nokha popanda choopsa. Anathimitsa makina n'kuyatsanso, khutu atagunditsa pathabwa. Kenako anaitana kamnyamata ka zaka ngati khumi kuti kamvetsere. Monitala yamoyo imaimba kakhweru koonda kwambiri, chifukwa mkatimo muli chipangizo chimene chimayaka n'kuthima maulendo oposa 15,000 pa sekondi imodzi. Makutu a mwana amakamva kakhweruko, a munthu wamkulu anasiya kalekale. Kamnyamatako kanapukusa mutu. Madala anayandikitsa mkono pagalasi: monitala ikamayaka tsitsi la pamkono limadzuka, limamveka kuthetheka. Apa panalibe. Ananunkhiza pa timabowo topumira ta kumbuyo, n'kuti akumva kafungo ka chinthu chopserera chapatali.

Apa ndiye pothera panu ngati simmisiri

Ndikupemphani, mavenda anzanga, gawo ili muwerenge kawiri. Kukhoma kwathu kumabwera 230 volts, ndipo tonse tikudziwa mmene imalumira. Pamsana pa chubu pali waya wonenepa, kawirikawiri wofiira, wothera pa kachipewa ka labala. Pansi pa kachipewako pamakhala ma volts oposa 20,000. Choipa n'chakuti chubu chimasunga motowo ngakhale mutazula pulagi. Mwina motowo pawokha sungakupheni, koma umakukankhani, dzanja n'kukadzicheka pachitsulo kapena kuthyola khosi la chubu. Ndipo chubu mkati mulibe mpweya, chikasweka chimaphulika magalasi n'kumwazika. Pa chesisi palinso kapasita yaikulu ngati batire la tochi imene imasunga moto wokwanira kumugwetsa munthu.

Madala anazula pulagi, anavula wotchi, n'kuthamangitsira ana kutali. Anatenga sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro cha pulasitiki, yomangidwa waya. Mbali ina ya wayayo anaipanitsa pa felemu yachitsulo ya monitala. Dzanja limodzi anaika kumbuyo, kuti moto ukawapeza usadutse pamtima, n'kulowetsa nsonga ya sikuludiraiva pansi pa kachipewa kaja. Monitala imene yangozima kumene imati thwa! Iyi inangoti zii, poti inali itagona masabata awiri. Iwo anabwerezabe kawiri. Ndinawafunsa chifukwa chake, yankho linali lakuti amisiri amene sankabwereza ena a iwo ali ndi zipsera.

Mkati munali fumbi la zaka, ndowe za makoswe ndi mazira a mphemvu. Anapukuta ndi burashi ya penti youma, n'kuyamba kuyang'ana ndi tochi. Pamenepa m'pamene anafotokoza chimene chinasokoneza mnyamata wa mafoni uja. Kumapeto kwa chubu kuli khosi loonda lagalasi, ndipo monitala ikayaka m'khosimo mumaoneka kamoto kofiira ngati khala. Ndi kawaya kotenthetsa, kamene kamadya 6.3 volts. Munthu akasuzumira n'kupeza kamotoko kulibe, amati chubu chafa. Koma pa mamonitala ambiri kawayako kamalandira moto kuchokera ku chesisi. Chesisi ikafa, kamoto kamazima ngakhale chubu chili bwinobwino. N'chimodzimodzi kupeza mbaula yozizira n'kunena kuti mbaula yatha, pamene chatha ndi makala.

Kuti atsimikize, anazula mosamala kabolodi ka kumapeto kwa khosi, n'kuika mita pa timano tiwiri ta kawaya kotenthetsako. Mita inaonetsa ma ohms ochepa, kusonyeza kuti kawayako sikanaduke. Mphindi imodzi yokha. Mayi aja atauzidwa kuti chubu chili moyo anangoti "Ambuye!" n'kukhala pansi pa kireti.

Pa chesisi fyuzi inali itapsa, galasi lake lakuda bii mkati. Apa m'pamene ambiri timalakwira. Fyuzi ikapsa timakulunga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kuyatsa. Fyuzi ndi mlonda, imafa kuti zina zipulumuke. Ikangoduka mwaulemu galasi lili loyera, mwina yangokalamba. Ikada chonchi ndiye kuti kutsogolo kuli chinthu chimene chikumeza moto wonse, ndipo mukaimanga ndi waya chotsatira kupsa ndi chodula kuposa fyuzi, mwina hokala yonse.

Madala anatulutsa m'chikwama babu lachikale la 100 watts, lija la kawaya mkati, lomangidwa pa kathabwa. Ati masiku ano amalisunga ngati dzira, poti m'mashopu mwadzaza mababu osunga magetsi amene sagwira ntchito imeneyi. Anaika fyuzi yatsopano, n'kulumikiza babulo panjira ya moto wochokera kukhoma, kuti moto uzidutsa kaye m'babu usanafike m'makina. Nzeru yake n'njapafupi. Ngati mkati muli chomeza moto, babu limawala kwambiri n'kutenga mphamvu yonseyo, palibe chimene chimapsa. Ngati zonse zili bwino, limangophethira n'kuzirala. Atayatsa, babu linawala ngee.

Anazula chesisi yonse n'kuiika pabenchi. Sanafufuze paliponse, anapita molunjika pa thiranzisita yakuda ya miyendo itatu, yomangidwa pa chitsulo choziziritsa, pafupi ndi chibuma chakuda chimene pamachokera waya wofiira uja. Chibumacho ndi flyback, thiransifoma imene imapanga ma volts 20,000 aja. Thiranzisitayo, imene amisiri amaitcha HOT kapena horizontal, ndi imene imaiyendetsa, ndipo ndi yomwe ija yoyaka n'kuthima maulendo oposa 15,000 pa sekondi. Palibe chimene chimagwira ntchito yakalavulagaga m'monitala kuposa iyo. Anaisungunula miyendo n'kuichotsa, anaika mita, mita inalira piii mbali zonse. Yapsa. Mamonitala ena a m'mbuyo muno saotcha fyuzi HOT ikafa, amangolira thi-thi-thi ngati wotchi. Mukamva zimenezo, matenda ndi omwewa.

Ine ndinayesa zatha, tigule ina tiikepo. Madala anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Mphwanga, yapsa inde. Koma yaiotcha ndani?"

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa mmisiri ndi wosintha zipangizo. HOT siifa yokha kawirikawiri. Mukaika yatsopano osapeza chimene chinapha yakaleyo, imagwira ntchito masiku atatu, mwina mphindi zitatu, n'kupsanso, inu n'kulipiranso. Kubwerera kwa magetsi mwamphamvu kumangomalizitsa chinthu chimene chinali kale pamphepete. Oganiziridwa amakhala atatu.

Woyamba ndi flyback yomweyo. Ikakalamba imang'ambika, moto n'kumatulukira pamng'alupo n'kusiya kanjira kakuda ngati makala. Ikamagwira ntchito chonchi imamveka kuti sii, ndipo pamakhala kafungo kachilendo. Madala anaitembenuza uku ndi uku ndi tochi, sanapeze mng'alu. Anapuma mpweya wamphamvu, chifukwa flyback ndi imene imavuta kupeza: monitala iliyonse ili ndi yakeyake, kaya ndi ya Wells-Gardner ya ku America, Hantarex ya ku Italy, Nanao ya ku Japan kapena Electrohome ya ku Canada, ndipo sungangotenga ya TV n'kuikapo.

Wachiwiri ndi mtovu wowotcherera. Chesisi ikamatentha masana n'kuzizira usiku kwa zaka makumi atatu, mtovu umene unagwira miyendo ya zipangizo umang'ambika mozungulira, kamng'alu koonda ngati tsitsi. Onjezerani nkhonya zimene ana amamenya bokosi akagonja. Anandipatsa galasi lokulitsira kuti ndione ndekha. Pa miyendo ya flyback ndi pa kathiransifoma kakang'ono kamene kamalamula HOT ija panali timphete tating'ono takuda. Mwendo umodzi unkagwedera ndithu akaukhudza.

Wachitatu ndi makapasita, timigolo tija toima pabolodi ngati mabatire. Mkati mwake muli timadzi, ndipo ndi kutentha timadziti timauma. Ena amatupa pamutu, ena amadontha pansi, koma ambiri amangofa mwakachetechete akuoneka abwinobwino. Pachikopa chake pamalembedwa 85 kapena 105, kutanthauza kutentha kumene angapirire. Bokosi lathabwa lotsekeka, pakhonde la malata, mwezi wa Okutobala ku Ndirande, inu mukuganiza kuti a 85 angakhale zaka zingati? Awiri anali otupa, ndipo chikopa cha wina chinali chitakwinyika. Kunja, anthu okonda makinawa amagula makapasita onse a chesisi m'kathumba kamodzi n'kusintha onse nthawi imodzi. Kuno timasintha amene thumba lalola. Madala anasintha asanu ndi awiri, onse a 105, akuonetsetsa kamzere ka m'mbali, chifukwa kapasita yoikidwa chagada imaphulika ngati kombola.

Za HOT yatsopano anachita nazo mwano pang'ono. Ati zambiri zimene zili m'mashopu ndi zonamizira: nambala yolondola pamwamba, mkati kanthu kochepa kosapirira. Iwo amakhulupirira zozula m'ma TV akufa. M'chitini cha mkaka anasankhamo ina imene amisiri amangoti D1555, yofala m'ma TV achikale, atafananiza kaye ndi yakufayo, chifukwa zina zimakhala ndi diode mkati pamene zina zilibe, ndipo kusokoneza ziwirizi n'kutaya ndalama. Anapaka timafuta toyera kumsana kwake kuti kutentha kuzipita kuchitsulo, anaimanga, n'kuwotchereranso miyendo yonse yokayikitsa. Ntchito imeneyi yokha inadya maola awiri. Mayi anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa.

Atabwezera chesisi, babu linaphethira n'kuzirala. Anachotsa babu n'kulumikiza molunjika. Kunamveka kuthetheka, kamnyamata kaja kanakuwa kuti kakumva khweru, m'khosi la chubu kamoto kanayamba kufiira. Tonse tinathamangira kutsogolo. Pasikirini panatuluka mzere umodzi wowala kwambiri, wopingasa pakati, kumwamba ndi kumunsi kuli mdima.

"Thimitsani!" Madala anakuwa, n'kuzula pulagi okha.

Mayi nkhope inagwa, koma mzere umenewo unali nkhani yabwino. Chithunzi cha chubu chimajambulidwa ndi kadontho kamodzi kothamanga, kochoka kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere kutsika mpaka pansi, maulendo pafupifupi 60 pa sekondi. Mzere umodzi ukutanthauza kuti kadonthoko kakuyenda cham'mbali koma chimene chimakatsitsa chagona. Ndiye kuti chubu, flyback ndi HOT zonse zili moyo. Kuopsa kwake n'kwakuti kuwala konse kwa sikirini kwaunjikana pamzere umodzi, ndipo mukausiya kwa kanthawi umaotcha utoto wa mkati mwa galasi n'kusiya chipsera chosachoka. Mukadzaona mzere wotere pa makina anu kapena pa TV, musati tione kaye, thimitsani.

Anatsitsanso moto wa pachubu ndi sikuludiraiva ija, ndipo ulendo uno inati thwa! mpaka ine ndinadumpha. Matenda achiwiriwa anali mtovu womwewo, wong'ambika pa miyendo ya chipangizo choyendetsa chithunzi chotsika, ndi kapasita ina youma pambali pake. Mphindi makumi awiri. Atayatsanso, Ryu ndi Ken anatulukira, ngakhale chithunzi chinkagudubuzika ngati tayala ndipo chinali chachifunga.

Kukonza zimenezi kumafuna munthu akhale kumbuyo akupotokola timabatani uku akuona kutsogolo. Madala anatuma mwana kukabwereka galasi kwa ometa apafupi, analiimika pampando kutsogolo kwa makina, n'kumaona chithunzi m'galasimo. Ometayo anabwera nalo yekha, kasitomala atamusiya mutu theka. Anayamba ndi mita, kuyeza moto waukulu wa chesisi umene amautcha B+, umene pa mamonitala ambiri a mtunduwu umakhala cha m'ma 120 volts. Ukakwera kwambiri monitala imadzithimitsa yokha podziteteza, ndipo ameneyo ndi matenda enanso amene anthu amawatcha "chubu chafa". Kenako kabatani koimitsa chithunzi, kenako tiwiri ta pa flyback: kena kochotsa chifunga, kena kowalitsa. Kowalitsaka mukakapotokola mopyola, sikirini imayera n'kutuluka timizere topendekera. Wina akachita zimenezi kuti chithunzi chioneke chowala pamaso panu, dziwani kuti akufupikitsa moyo wa chubu.

Nanga chubu chikafadi?

Zimachitika, sindikana. Chimene chimapha machubu ambiri kuno ndi ulendo: makina akwezedwa pa pikapu, agona chagada, adumpha mabampu, khosi lija n'kuthyoka. Mpweya ukalowa basi kwatha. Mukayatsa m'khosimo mumaoneka timoto tofiirira tothetheka, ndipo palibe mmisiri padziko lino amene angachidzutse. China ndi ukalamba weniweni: chithunzi chofooka ngakhale zonse zakonzedwa, chotenga nthawi yaitali kuti chioneke. Koma mtundu umodzi ukangosowa, mwachitsanzo anthu onse n'kusanduka obiriwira, yambani mwakayikira waya kapena kathiranzisita ka pa kabolodi ka pakhosi.

Machubu atsopano kulibe. Kampani ya Sony inasiya kupanga ake otchuka aja a Trinitron mu 2008, ndipo enanso anatseka mafakitale m'zaka zotsatira. Chimene chilipo ndi ma TV achikale amene adzaza kuseri kwa mashopu a amisiri. Chubu cha TV ya msinkhu wofanana chikhoza kulowa m'makina a gemu, bola mmisiri ayeze makoyilo a kopa amene amavala pakhosi pake ndi kuona ngati timano ta kumapeto tikugwirizana ndi chesisi. Ndiye TV yakufa ya agogo musaitaye msanga.

Njira ina ndi kuikamo sikirini yopyapyala ya kompyuta. Siingalumikizidwe molunjika, chifukwa bolodi ya gemu imajambula mizere pafupifupi 15,000 pa sekondi pamene ya kompyuta imafuna 31,000 kapena kuposa. Pakati pamafunika kabolodi komasulira, ndipo kodziwika kwambiri ndi GBS-8200 kochokera ku China. Azungu osunga makinawa ngati chuma amanyansidwa nazo, ati chithunzi chimauma ndipo nkhonya imachedwa pang'ono kutuluka ukadina batani. Akunena zoona, ndipo ana odziwa gemu amazindikira. Koma maganizo anga ndi awa: ngati chubu chafadi ndipo lendi ikudikira, ikani yopyapyalayo, imadya magetsi ochepa ndipo siitentha. Chimene sindingavomereze ndi kuzula monitala yamoyo chifukwa cha thiranzisita imodzi.

Ndipo chubu chakufa si chopatsa ana kuti aziphwanya ndi miyala kudzala. Galasi lake lili ndi mtovu wambiri, umene ndi poizoni makamaka kwa ana.

Asanatseke chitseko, madala analoza chithiransifoma cha pansi chija, chimene a wilibala amachilakalaka kwambiri poti ndiye mwadzaza kopa. Mamonitala ambiri akale anapangidwira magetsi a 120 volts a ku America kapena 100 volts a ku Japan, ndipo chesisi yake siilekanitsa moto wa kukhoma ndi zitsulo zake. Thiransifomayo imatsitsa moto komanso imaulekanitsa. Mmisiri wachinyengo akhoza kuichotsa n'kukuuzani kuti n'njosafunika. Zikatero, mwina monitala ipsa pomwepo, mwina moto uyamba kuyenda m'zitsulo za bokosi: pachitseko cha matokeni, pa mabawuti a pomwe ana amatsamira. Ganizirani mwana wopanda nsapato, pakhonde lonyowa, mwezi wa Januwale.

Pa chifukwa chomwecho anakana kuchoka asanamange pulagi. Makinawa anali olumikizidwa monga tichitira ambirife, mawaya awiri osenda olowetsedwa m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, waya wachitatu wopita pansi uli lende. Anatuma mwana kukagula pulagi ya mano atatu, n'kumanga onse atatu. Anauza mayi kuti magetsi akathima azizula, akabwera azidikira mphindi zingapo asanalumikize, ndipo akapeza ndalama agule kachipangizo koteteza kaja kamene timaika pa firiji. Anawauzanso kuti asunthe bokosi lichoke pakhoma pang'ono kuti lizipuma, ndi kutseka ndi sefa bowo la pansi limene makoswe amalowera.

Kenako anachita chinthu chimene ndikufuna aliyense wa inu azichifuna kwa mmisiri wake. Anasonkhanitsa zonse zimene anachotsa, thiranzisita imodzi, fyuzi imodzi ndi makapasita asanu ndi atatu, n'kuziika m'dzanja la mayi. Zonse pamodzi sizinadzaze chikhatho. Mmisiri akakuuzani kuti wasintha chakuti, muuzeni akupatseni chakufacho. Akati atenge chesisi akakonzere kwawo, lembani chizindikiro chanu pakona ndi penti ya zikhadabo, chifukwa machesisi amasinthidwa, yabwino n'kupita kwa wina inu n'kulandira yotopa. Ndipo amene wanena kuti chubu chafa asanaike mita paliponse, n'kudzipereka yekha kuti akuthandizeni pogula bokosilo, mum'patse moni wabwino apite.

Pa mtengo anakambirana nthawi yaitali, mayi akuti "bambo, mundiganizire, masabata awiri sindinagulitse tokeni", madala akuti maola asanu si masewera. Anagwirizana kuti theka lero, theka pakutha pa mwezi. Pagalasi panatsala chinthu chimodzi chimene madala anati sangachichotse: mizere iwiri ya mphamvu za omenyana, imene yakhala malo amodzimodzi pamwamba pa sikirini kwa zaka zonsezi, inadindika mkati mwa chubu ngati chithunzithunzi, ndipo imaoneka ngakhale makina atazima. Batani limodzi la mateche la mbali ya kumanja nalonso silikugwira. Limenelo ati adzabwera nalo tsiku lodzatenga theka lotsalalo.